Intaneti yopanda mawaya m'chipinda cha lendi kuno ku Joni, werengani kaye musanakagule rauta

Nkhani ya smart city ija, mzinda wanzeru woyendera intaneti, ine ndinayimva koyamba mu 2019 pomwe a Ramaphosa ankanena ku Parliament kuti akulota mzinda watsopano wa nyumba zitalizitali ndi masitima othamanga koopsa, kenako mu February 2020 anadzatchula malo ake kuti ndi cha ku Lanseria uko komwe kuli bwalo la ndege lija. Tinaseka tili pa lanchi kuntchito, mnzanga wina wa ku Mangochi nkumati iwo akulota mzinda wonse pomwe ife tikungolota netiweki yoti izifika pa bedi basi. Koma pano ndikakhala pansi ndimaona kuti zinthuzi zinatipeza kale ife osadziwa. Magetsi mumagula pafoni nkulowetsa manambala 20 aja, pa sitima ya Gautrain mumangogunditsa khadi ya kubanki pageti nkulowa, ndalama yakumudzi mumaoda pa Mukuru kudzera pa WhatsApp muli chigonere, m'misewu yambiri ya kuma suburb kuli makamera pamapolo owerenga manambala a galimoto, galimoto ya bwana ili ndi tracker yomwe ikuyankhula ndi nsanja usiku ndi usana. Ngakhale e-toll ija yolipiritsa magalimoto pamsewu, yomwe anthu anaikanitsitsa kuyambira mu 2013 mpaka anaithimitsa mu April 2024, inalinso yomweyo, kachipangizo kapa windisikilini kuyankhulana ndi chigeti chapamwamba popanda waya. Ndiye munthu ukakhala opanda netiweki yodalirika mumzinda uno umakhala ngati wasala kunja kwa mpanda, anzako akudya mkati.

Ndiyambe ndi manyazi anga omwe kuti muphunzirepo. Nthawi imeneyo ndinkakhala kuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, kachipinda ka denga la malata, zenera limodzi loyang'ana khoma la neba. Ndinaona malonda a rauta ya 5G, kachipangizo kokoka netiweki ku nsanja nkugawa Wi-Fi m'nyumba, mapu awo akuonetsa dera lathu lonse lopakidwa utoto kuti netiweki ilipo, ine basi kusaina osafunsa zambiri. Chinthu chinabwera chokongola ngati kabotolo koyera, kuyatsa, kagetsi kake nkumangophethira. Pa bedi palibe, patebulo palibe, kukaima pakhomo ndi ekisitenshoni ndiye chimagwira pang'ono. Mayi kumudzi akuimba vidiyo kolo kuti aone mdzukulu, nkhope yawo kuuma gwaa pa sikilini pakamwa pali yasa, mau kumabwera patapita nthawi. Mapu aja sananame, panja pamsewu netiweki inalipodi, koma mapu sadziwa kuti inu mumagona kuseri kwa makoma atatu pansi pa malata. Ndinalipira miyezi ingapo chinthu chongokongoletsa m'nyumba. Ndiye zonse ndikuuzeni apazi zikuchokera pa phunziro limenelo, kuti woweruza ndi zenera lanu, osati kapepala ka malonda.

Choyamba ndi SIM khadi, ndipo apa abale anga musachite zachidule. Kuno lamulo la RICA limafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la munthu, mumapita ndi pasipoti kapena pepala lanu la asylum ndi umboni wa komwe mukukhala, ngati mulibe bilu ya m'dzina lanu kalata ya alandilodi kapena afidaviti yaku polisi imathandiza. Ndikudziwa kuti cha ku Park Station ndi m'mashopu ambiri amagulitsa ma SIM olembetsa kale, ungolowetsa nkuyamba kuimba, ndipo munthu ukangotsika basi kuchokera ku Blantyre utatopa masiku awiri panjira umangotenga imeneyo. Vuto limabwera foni ikabedwa. Nambala ija ili m'dzina la munthu yemwe simunamuonepo, mukapita kukapanga SIM swap, kutenga SIM yatsopano ya nambala yomweyo, akufunsani ID ya mwini wake, inu kukamwa pululu, ndipo nambala yomweyo ndi imene imalandira OTP, kanambala kachinsinsi kotsimikizira za kubanki, ndi imene ili pa WhatsApp, ndi imene mabwana onse omwe munawagwirirapo ganyu akuidziwa. Ngati muli nayo kale yotero pitani ku shopu yeniyeni ya kampaniyo mukafunse zoisinthira m'dzina lanu isanakusokonezeni, zikakanika yambani pang'onopang'ono kusamutsira zinthu zanu pa nambala ina yolembetsa bwino. Komanso dziwani kuti mutha kusamuka kuchoka ku kampani ina kupita ku ina osataya nambala, amati kupota, ndiye musamakakamire netiweki yosagwira kwanu chifukwa choopa kutaya nambala.

Tsopano kuyesa. Musanagule rauta ina iliyonse, pezani ma SIM a prepaid a makampani angapo, Vodacom, MTN, Telkom, kapena bwerekani mafoni a anzanu a payadi omwe ali pa manetiweki osiyana, sizifuna ndalama zambiri. Za Cell C dziwani kuti iwo anasiya kuyendetsa nsanja zawo mu 2023, ma prepaid awo amayenda pa nsanja za MTN, ndiye ngati MTN kwanu sigwira musayembekezere zodabwitsa kumeneko. Ikani kabandulo kakang'ono, tsegulani Speedtest kapena fast.com zoyezera liwiro la intaneti, muyese malo atatu, pa bedi, pazenera, ndi pakhomo. Koma chinsinsi chachikulu ndi nthawi yoyesera. Mukayesa 10 koloko m'mawa anthu onse ali kuntchito muona manambala okoma mpaka kumwetulira nokha, yesaninso cha m'ma 7 kapena 8 usiku pomwe Tembisa yense kapena Cosmo City yense wabwerako ndipo aliyense ali pa TikTok, pamenepo ndi pomwe mumaona chilungamo chake. Nsanja ili ngati mjigo wa pamudzi, masana ukapita wekha umatunga mwachangu, madzulo pali mzere wa zidebe, madzi ndi omwewo koma ogawana achuluka. Yesaninso tsiku lomwe magetsi athima kwa maola angapo, chifukwa nsanja nayo imadalira mabatire, ndipo mabatirewo akuba amawakonda kwambiri kuno, pali madera ena magetsi akangopita pakatha ka nthawi netiweki nayo imatsanzika.

Mukamayesa musamangoyang'ana nambala yaikulu ya download yokha. Ife a kunja kuno chomwe timachita kwambiri ndi kuimba vidiyo kumudzi ndi kutumiza zithunzi, ndiye upload ndi yofunikanso, komanso ka nambala kaja ka ping kakakhala kakang'ono ndiye kuti mau sachedwa. Vidiyo kolo siifuna liwiro lambiri ayi, imafuna netiweki yokhazikika. Bola 10 Mbps yosagwedezeka kusiyana ndi 80 yomwe imagwa mphindi zisanu zilizonse.

Timizere ta netiweki tapakona pa foni tija musatikhulupirire kwambiri, foni iliyonse imajambula mwa njira yake. Pa Android mukalowa ku Settings mbali ya About phone kenako SIM status mupeza nambala yolembedwa dBm yokhala ndi kamzere ka minus kutsogolo. Ikakhala cha m'ma -80 ndiye muli pabwino, cha m'ma -100 mwayamba kuvutika, ikafika -110 kupita uko ndiye ndi zongopempherera. Yendani nayo foniyo m'chipindamo pang'onopang'ono mukuona nambalayo ikusintha, mudzadabwa kuti kusuntha mita imodzi yokha kumasintha zinthu. Kwa ine malo abwino anapezeka pamwamba pa wadilopu pakona yoyang'ana kumsewu, moti mpaka lero rauta yanga imakhala pamwamba ngati chithunzi cha agogo.

Nanga 4G kapena 5G? Apa pali kunamizana kwambiri ndiye ndifotokoze pang'ono. 5G kuno inayamba ndi kampani ya Rain mu September 2019 ngati intaneti ya m'nyumba m'madera ena a Johannesburg ndi Tshwane, Vodacom inatsatira mu May 2020, MTN pakati pa chaka chomwecho, ndipo mu March 2022 ICASA, bungwe loyang'anira za mafoni kuno, inagulitsa mafunde omwe netiweki imayendapo pa okushoni makampani nkulipira ndalama zoposa R14 biliyoni. Mafunde amenewa ali mitundu. Apansi ngati 700 ndi 800 MHz amapita kutali ndipo amalowa m'makoma bwino koma sanyamula katundu wambiri, apamwamba ngati 3.5 GHz omwe 5G yambiri imayendapo amanyamula katundu wambiri koma akakumana ndi khoma la njerwa kapena malata amafooka msanga. Taganizani ngoma ndi likhweru, ngoma ya gule imamveka mudzi wachitatu usiku ngakhale muli m'nyumba, likhweru ndi lakuthwa koma ukangokhota kuseri kwa nyumba latha. Ndiye ngati mukukhala pa fulati yapamwamba ku Hillbrow kapena Berea zenera likuyang'ana poyera, 5G ikhoza kukusangalatsani heve. Ngati muli mu mkhukhu wa malata mbali zonse ku Diepsloot kapena kuseri ngati momwe ndinalili ine, kawirikawiri rauta ya 4G yotchipa yoikidwa pamalo abwino imaposa ya 5G yodula yoikidwa pamalo oipa. Ndipo ngati mkati mwakanikiratu, pali ma antena a panja omangirira padenga waya nkulowa m'nyumba, kungoti onani kaye kumbuyo kwa rauta ngati ili ndi timabowo tolumikizira antena chifukwa si zonse zili nato, komanso pemphani kaye alandilodi musanakwere padenga lawo ndi misomali, ena sachedwa kukuuzani kuti mwezi ukatha musamuke.

Ndisaiwale fibre, intaneti yobwera pa waya, chifukwa ngakhale tikukamba zopanda mawaya, nsanja zomwezo kumbuyo kwake zambiri zimadyetsedwa ndi fibre. Kampani ya fibre ya Vumatel inayamba kukumba ku Parkhurst mu 2014, nthawi imeneyo zinali za anthu olemera, koma pano mawaya aja afika m'makomboni ambiri ndipo kuli ya prepaid yolipira mwezi ndi mwezi opanda kontilakiti. Ngati mukuona waya wakuda wopyapyala ukudutsa pamapolo mumsewu mwanu, funsani maneba. Fibre siisamala za malata kapena mzere wa madzulo ngati nsanja. Koma ili ndi vuto limodzi kwa ife, imamangidwa pa nyumba, inu mukasamuka imatsala, ndipo ife a lendi timasamuka ngati nkhuku zoweta pa chingwe chachifupi, lero Turffontein mawa Mayfair. Ndiye ine ndimati ngati mwakhazikika ndipo mwini nyumba wavomera, tengani fibre. Ngati ntchito yanu ndi yosadziwika mawa, rauta ya SIM ndiye mnzanu, mumangoizula nkuiponya m'chikwama limodzi ndi mapoto.

Pa mabandulo ndingonena zochepa poti mitengo imasintha pafupipafupi. Deta kuno inali yodula zedi, anthu anachita kukuwa ndi #DataMustFall mu 2016, a Competition Commission, oyang'anira mpikisano pa malonda, atafufuza Vodacom inatsitsa 1GB ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99 mu April 2020. Kuyambiranso 2019 malamulo a ICASA amati kampani isamadye eyataimu yanu bandulo ikatha inu musanavomere, ndiye lowani pa menyu yawo muone kuti zimenezo ndi zotseka, Vodacom ndi *135#, MTN *136#, Telkom *180#, Cell C *147#. Mau oti uncapped aja, kutanthauza deta yopanda malire, muziwawerenga ndi diso limodzi lotsegula, ambiri amakhala ndi malire obisika pansi m'timalemba ting'onoting'ono, mukadutsa ma GB akutiakuti amakuchepetserani liwiro mpaka mwezi uthe. Enanso amalemba nambala yaikulu koma theka lake ndi la usiku kuyambira 12 koloko, ndiye ngati simuli mlonda wa naiti shifiti theka limenelo ndi la mfiti. Ndipo kontilakiti ya miyezi 24 musaisaine musanakhale ndi netiwekiyo mwezi wathunthu pa prepaid.

Rauta yafika, tiyike pati. Osati pansi, osati kuseri kwa TV, osati pamwamba pa mayikulowevu, osati mkati mwa kabati poopa ana. Pamwamba, pafupi ndi zenera lomwe munapeza nambala yabwino lija, koma osati padzuwa lenileni chifukwa ikatentha imayamba misala. Mukayatsa muona mwina maina awiri a Wi-Fi, lina lili ndi 5G kumapeto, apa anthu ambiri amasokonezeka. 5G ya pa dzina la Wi-Fi ija si 5G ya nsanja ayi, imatanthauza 5 GHz, ndi msewu chabe wa pakati pa rauta ndi foni yanu m'nyumbamo. Wina anandiuzapo monyadira kuti ali ndi 5G pomwe rauta yake ndi ya 4G yakalekale, ndinangomusiya asangalale. Wa 5 GHz ndi wothamanga mukakhala chipinda chimodzi ndi rauta, wa 2.4 GHz ndi wochedwerapo koma umadutsa makoma, ngoma ndi likhweru zomwe zija. M'mafulati momwe aliyense ali ndi rauta yake 2.4 imadzadza ngati minibasi ya ku Ndirande, ndiye lowani mu rauta musinthe tchanelo muyese 1, 6 kapena 11 muone pomwe pali mpata. Kulowa kwake ndi kosavuta, tembenuzani rauta muwerenge kapepala kapansi, pali adiresi ya manambala, za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1, mumailemba pa browser ngati mukutsegula webusaiti.

Mukalowa mmenemo musatuluke musanasinthe mapasiwedi awiri. Ya Wi-Fi yomwe mumapatsa anthu, ndi ya admin yomwe imatsegula rautayo. Ambiri amasintha yoyamba yokha nkusiya admin admin, kenako kamnyamata ka payadi kochenjera kamalowa nkudziika pa mpando wa mfumu inu nkumadabwa kuti bwanji zikuchedwa. Pa chitetezo cha Wi-Fi sankhani WPA2 kapena WPA3, thimitsani WPS, njira yolumikizira osalemba pasiwedi. Pasiwedi isakhale nambala yanu ya foni kapena dzina la mwana, payadi aliyense amazidziwa zimenezo.

Zosonkherana payadi ndi nzeru yabwino ndipo ife Amalawi timazitha, monga momwe timachitira chipereganyu. Koma gwirizanani poyamba, ndani akusunga rauta, ndalama izifika tsiku liti, ndipo wosalipira atani. Ife tinkachita chonchi, tsiku loyamba la mwezi pasiwedi imasintha, walipira amalandira yatsopano, sanalipire palibe kukangana kapena kutukwanizana, foni yake imangomuuza yokha. Anthu osonkha nawo muziwaika pa guest network, Wi-Fi yapadera ya alendo, osati pa yanu yeniyeni, ndipo ngati rauta ikulola ikani malire a liwiro pa aliyense, apo ayi munthu mmodzi wodawuniloda mafilimu usiku onse akugonetsani nonse ndi njala. Muziyang'ananso mndandanda wa mafoni olumikizidwa, mukaona khumi ndi awiri pomwe osonkha ndinu asanu, dziwani kuti wina wagawira chibwenzi chake ndi azilamu ake omwe, masiku ano foni imatha kugawa pasiwedi ndi QR code mu sekondi imodzi.

Tsopano magetsi, apa ndiye pagona nkhani. Amene tinalipo mu 2023 tikukumbuka stage 6 ya load shedding, kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana, maola ambirimbiri patsiku mdima, ndipo ngakhale load shedding itapuma, m'madera athu ambiri magetsi amathimabe ndi kuba ma kebulo, thiransifoma kupsa, kapena load reduction, kuthimitsa dala madera omwe katundu wachuluka, ya m'mawa ndi madzulo. Mzinda wanzeru wopanda magetsi ndi mudzi chabe wokhala ndi nyumba zazitali. Mwamwayi rauta siidya moto wambiri. Gulani ka mini UPS, kabokosi kakang'ono ka batire komwe kamakhala pakati pa soketi ndi rauta, magetsi akapita simumva nkomwe. Musanagule werengani pa tchaja ya rauta yanu, palembedwa ma volt, zambiri ndi 12V zina 9V, ndipo pa UPS pamakhala kaswitchi kosankhira, mukaika 12 pa chinthu cha 9 mununkhiza utsi ndipo sitolo sidzakubwezerani. Onaninso kukula kwa kamutu kolowetsa kaja chifukwa timasiyana. Kuwerengera kwake nkosavuta, tinene rauta yanu imadya ma watt 10 ndipo batire lalembedwa 30Wh, ndiye kuti ndi maola atatu osapitirira, kunena zoona chotsaniponi pang'ono. Za 5G zimadya kwambiri kuposa za 4G ndiye zimafuna batire lokulirapo. A fibre kumbukirani kuti muli ndi zinthu ziwiri zofuna moto, rauta ndi kabokosi kapakhoma komwe waya umafikira, mukapatsa moto chimodzi chokha muona Wi-Fi ili fulu koma intaneti njee. Ngati ndalama yavuta, pawa banki wamba ndi kawaya kosintha USB kukhala 12V zimagwira pa marauta ang'onoang'ono a 4G, ine ndinayenda nazo chaka chathunthu.

Foni nayo. Boma linatchulapo kale zoti 2G ndi 3G zidzathimitsidwe pofika kumapeto kwa 2027, kaya tsikulo lisuntha kaya ayi, makampani ayamba kale kusamutsira mafunde aja ku 4G ndi 5G, ndiye musagulenso foni ya 3G yokha ngakhale itatchipa bwanji. Funsani ngati ili ndi VoLTE, kutanthauza kuti kuimba kumayenda pa 4G pomwepo osatsikira pansi. Ngati ilinso ndi Wi-Fi calling ndiye bwino kwambiri kwa a m'malata, foni imaimba kudzera pa rauta ngakhale timizere tili ziro. NFC ndi ija imakulolani kulipira pogunditsa foni pa makina, si yokakamiza koma mzindawu ukulowera komweko. Ya ma SIM awiri ndi yabwino kuti ya kumudzi ya TNM kapena Airtel izikhalamo, kungoti thimitsani data roaming pa imeneyo isakumalizeni mayunitsi. Mukamagula ya sekondi handi m'tauni imbani *#06# muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ngati ikufanana ndi ya pabokosi, ikanimo SIM yanu pomwepo muimbe kaye musanapereke ndalama, foni yobedwa ikatsekedwa imasanduka tochi. Nambala ya IMEI ya foni yanu ilembeni penapake, tsiku lakuba idzafunika. Ndipo 112, nambala ya zadzidzidzi, imaimbika ulere pa foni ya m'manja, sungani m'mutu.

Kanthu kena kakang'ono komwe kamazunguza anthu ndi mita ya magetsi. M'nyumba zambiri kachipangizo ka mabatani kali m'chipinda si mita yeniyeni, mita ili panja m'bokosi kapena papolo, awiriwa amayankhulana, ena kudzera m'mawaya a magetsi omwewo ena kudzera pa wailesi. Ndiye tokeni ikamakana musathamangire kunena kuti akuberani. Onani mabatire a kachipangizoko ngati ali ndi moto, ngati ndi ka mtundu wolowetsa pa soketi kalowetseni pakhoma penipeni osati pa ekisitenshoni, kenako yesaninso. Amene munaliko mu November 2024 mukukumbuka mizere ya anthu pomwe tsiku la 24 linkayandikira lomwe mamita onse a prepaid amayenera kukhala atasinthidwa kupita pa dongosolo latsopano la matokeni lotchedwa KRN2, anthu kulowetsa manambala awiri a 20 aja manja akunjenjemera. Umo ndi momwe mzinda wanzeru umabwerera, sumagogoda, umangopeza tokeni yakana.

Wi-Fi yaulere ilipo, m'mamolo, m'malaibulale a mzinda, m'malo odyera, ndipo a ku Tshwane anayamba kale zawo mu 2013. Igwiritseni ntchito kupanga update foni ndi kudawuniloda zinthu zolemera, imeneyo ndi deta yomwe mwapulumutsa. Koma za kubanki ndi zotumiza ndalama muzichita pa deta yanu, chifukwa munthu aliyense akhoza kutsegula hotspot nkuipatsa dzina lofanana ndi la molo inu nkulowa ngati mbewa mu msampha. Tsamba likakufunsani nambala ya khadi kapena OTP kuti mulowe pa Wi-Fi yaulere, tulukani. Ndipo foni yanu ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pomwe anzanu a kampani yomweyo ali nayo, musadikire mawa, mwina wina wapanga SIM swap pa nambala yanu, imbirani banki ndi foni ya mnzanu nthawi yomweyo.

Ena mumandifunsa za Starlink, intaneti ya pa setilaiti, poti kumudzi inafika mu 2023 ndipo mwaona timbale tija pa madenga ku Lilongwe. Kuno ku South Africa ilibe laisensi ya ICASA, ndiye zoti mubwere nako kambale pa basi mudzaike ku Yeoville zisiyeni, mungotaya ndalama ndi kudziitanira milandu yomwe munthu wa pasipoti safuna.

Chomaliza ndi mphezi. Mvula ya kuno kuyambira cha mu October mpaka March imabwera madzulo ndi ziphaliwali zoopsa, kumwamba kumachita kung'ambika. Rauta ikhale pa pulagi yoteteza ija ya surge, ndipo mukamva kukugunda cha kufupi zulani ku khoma izidya batire la UPS mpaka kutadutsa. A antena ya padenga zulaninso waya wa antenayo kumbuyo kwa rauta, osangothimitsa switchi ayi, kuzula kwenikweni. Magetsi akathima zulaninso, mudikire abwere akhazikike mphindi zingapo kenako mubwezeretse, chifukwa nthawi yomwe amabwerera ija ndi pomwe matchaja ambiri amapsa.